Timadontho Tiwiri ndi Kamzere

"Ndiwe! Ndiwe unkazungulira laini yonse, eti lembani, lembani zonse, sadziwa kuti walemba ndani. Lero bwanji?"

Alamu ake a Sefa ankakuwa ndithu, koma mawu ankamezedwa ndi kompuresa. N'chifukwa chake anamukokera kumeneko, kuseri kwa chipinda cha makina, komwe munthu ukhoza kulira maliro wodutsa n'kumaona ngati ukuyasamula. Belu la shifiti ya m'mawa linali lisanalire. Onse awiri anali atavala kale magawuni abuluu aja ndi tizipewa tobisa tsitsi.

Sefa anayesa kuwagwira mkono, anamukankha. Anawafunsa kuti chavuta n'chiyani, poti iye pa bolodi la zidziwitso anangodutsapo maso ali pafoni, monga mwa masiku onse, kumalizitsa macheza foni isanalowe mu loka.

Alamu anatambasula chikhatho, n'kujambulapo ndi chala. Dontho, dontho, kamzere pansi.

"Chili pa bolodi," anatero, mawu atatsika tsopano. "Achikulitsa ngati chithunzi cha munthu wosowa. Pansi alemba kuti mwini wake apite ku ofesi, akufuna kumuthandiza."

Sefa anachizindikira pomwepo.

Nkhani yake ili chonchi. Fakitale imeneyi imapanga machaja a foni, makamaka timabodi tobiriwira tija timakhala m'kati mwake. Pa laini 3 pamakhala anthu khumi ndi awiri owotcherera timawaya pa timabodi ndi kachitsulo kotentha, ndipo kumapeto kwa lamba woyenda kumakhala Sefa ndi makina oyesera. Kabodi kakayatsa nyali yobiriwira kapasa, kakayatsa yofiira kafa. Dzina la Sefa linachokera pomwepo, ntchito yake ndi kusefa basi. Lamulo limati kabodi kalikonse kakufa kalowe mu kompyuta, ndipo tikachuluka laini yonse imalandira kalata, kenako supavaiza amabwera kudzaima kumsana kwanu ndi wotchi mpaka apeze wolakwitsa. Ndiye anthu anapeza nzeru yawo kalekale, Sefa asanabwere. Aliyense akamaliza kabodi amaika kachizindikiro kake ndi maka, cholembera cha inki chija, pa kona yapansi, kakang'ono ngati nsabwe. Kabodi kakafa, Sefa amangoyang'ana kona, n'kukabweza mwakachetechete kwa mwini wake, mphindi imodzi kakonzedwa, kompyuta osadziwa kanthu. Chizindikiro chako umauza wa pa makina oyesera yekha. Mayi amene anali pampandopo kale anamusiyira zonse khumi ndi ziwiri ngati cholowa, pakamwa pokha, osalemba paliponse.

Vuto ndi loti dzanja likachita chinthu ka eyiti handiredi pa tsiku silifunsanso mutu. Alamu anaikapo kachizindikiro kawo pa kope la mwana atamuthandiza homuweki, aphunzitsi mpaka kufunsa kuti kankhope kosasekaka katanthauza chiyani. Kunyumba anaseka sabata yonse.

Lachisanu lapitalo kunabwera mafomu. Pamwamba analemba kuti Tiuzeni Maganizo Anu, pansi pake kuti musalembe dzina, bokosi lili ku kantini. Anthu ankangoyang'anana. Sefa ndi amene anayenda tebulo ndi tebulo, kumati guys mwayi ndi uwu, tikangokhala chete azingotiyesa mipando. Alamu anamumvera. Anatulutsa maka m'thumba la gawuni n'kudzaza pepala kutsogolo ndi kumbuyo. Analemba za mapaipi okoka utsi amene ali pamwamba pa tebulo lililonse koma amayatsidwa pokhapokha kukamabwera alendo ogula katundu. Analemba za kiyi wa kutoileti amene amakhala m'thumba la supavaiza, mpaka munthu wamkulu ndi mwana kunyumba kumakweza dzanja ngati wa sitandade wani. Analemba za kontirakiti ya miyezi itatu imene akhala akusainira zaka zinayi. Analembanso za chifuwa chawo, ndi zimene amaziona pa kansalu akatsokomola. Atamaliza, dzanja linapita lokha pa kona. Anapinda, anaponya m'bokosi, osadziwa kanthu mpaka lero.

Ndipo makontirakiti amasainidwa Lachisanu likubwerali. Achimwene ake a Sefa chivulalireni msana ali pakhomo, nyumba yonse yaimira pa gawuni ya alamu. Sefa mwini amagona kuchipinda chakumbuyo kwa nyumba yomweyo, ndipo ntchito imeneyi anamupezera ndi alamu omwewo, anachita kumugwira dzanja mpaka pageti.

"Palibe akuchidziwa koma ine," anatero Sefa. "Ndipo ine sindinena."

Belu linalira.

Atalowa mu holo, chinthu choyamba kumva chinali phokoso lachilendo pamwamba pa mitu yawo. Mapaipi ankakoka. Utsi umene masiku onse umakwera n'kukhala pankhope lero unkapindika bwinobwino n'kulowa mu paipi ngati mwana womvera. Kunja kunalibe galimoto ya alendo. Bambo wina wamagalasi wa pa tebulo loyamba, amene wakhala pa laini 3 kuposa wina aliyense, anayang'ana m'mwamba, anayang'ana anzake, n'kunena chapansipansi kuti mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Palibe anaseka.

Palibenso anaika chizindikiro. Aliyense anali atadutsa pa bolodi. Sefa ankaona kuchokera kumapeto kwa lamba manja akupita kuthumba la gawuni n'kuima panjira, kubwerera, kupitanso, ngati munthu amene wasiya fodya dzulo. Timabodi tinkafika kwa iye topanda kanthu pa kona. Kakayatsa yofiira, analibe koti akabweze. Analowetsa mu kompyuta koyamba, kachiwiri, pofika naini koloko tinali khumi ndi tinayi, nambala imene laini 3 sinafikepo ngakhale pa mwezi wathunthu.

Teni koloko supavaiza anamugwira paphewa n'kuloza kumwamba ndi chibwano.

Kumwamba ndi ofesi ya magalasi imene inapachikidwa pamwamba pa holo, kotero kuti wokhala m'menemo amaona chipewa chilichonse. Mumakhala bwana woona za antchito, amene pansi amamutchula kuti a Manopoyera, chifukwa kaya akukupatsa satifiketi kaya akukuchotsa ntchito, mano amakhala panja chimodzimodzi. M'katimo munali kapeti, kamphepo kozizira, ndi kafiriji. Anamukokera mpando okha, anamupatsa madzi a m'botolo.

"Feel free, asisi. Pano ndi panu."

Anayamba ndi kufunsa za kunyumba, za mayendedwe, ngati mpando wake wa pa makina uli bwino. Kenako anatsegula dilowa n'kutulutsa fomu ya alamu, ataiika mu pulasitiki ngati chithunzi cha ukwati. Pambali pake anaikapo kabodi kochokera ku sitolo yosungiramo katundu, ndi galasi lokulitsira. Anamuuza kuti ayang'ane yekha. Dontho, dontho, kamzere. Papepala ndi pa kabodi, dzanja limodzi.

Anati mtima unawawawa atawerenga. Munthu ameneyu akudwala, ndipo kampani ndi banja limodzi, banja silingasiye mwana wake akutsokomola. Angofuna kumudziwa basi, amutumize kwa dokotala wa kampani, aone ngati thupi lake likuyenerabe ntchito ya utsi. Mawu akuti likuyenerabe anawatchula pang'onopang'ono. Sefa anakumbukira mtsikana wa pa laini 5 amene anapita kwa dokotala ameneyo chaka chatha, loka yake inapatsidwa kwa wina sabata yomweyo.

Anayankha kuti iye sadziwa, amangoyang'ana nyali, yobiriwira kapena yofiira.

A Manopoyera anaseka mokoma. Anati Loweruka ndi Lamlungu sanapume, anatsitsa makatoni ku sitolo n'kuyang'ana timabodi thu handiredi ta laini 3. Zizindikiro zinatuluka khumi ndi ziwiri, anthu alipo khumi ndi awiri, masamu amenewo ngakhale iwo amawatha. Anadabwanso kuti laini imene chaka chonse imalakwitsa tiwiri titatu lero yafika khumi ndi tinayi tiyi asanamwe. Ndiye anatsegula buku la malamulo, pamene anali ataikapo kale kapepala, n'kuwerenga kuti kubweza katundu wolakwika osalowetsa mu kompyuta ndi kubisa, ndipo wobisa amasiya khadi pageti tsiku lomwelo.

"Koma inu sindikufuna zimenezo," anatero. "Inu ndinu munthu wathu. Ndili ndi umboni."

Anatulutsa fomu ina, nayonso ili mu pulasitiki. Sefa anaizindikira isanafike n'komwe patebulo. Mabokosi onse anali ochongedwa kumanja, pamene pamati ndine wokhutira kwambiri, ndipo chichongo chilichonse chinali ndi mchira wautali wokwera m'mwamba, womwewo umene amachonga nawo pepala la makina oyesera tsiku ndi tsiku. Pansi, pa malo olemba maganizo, panali mawu atatu okha. Zonse zili bwino.

Lachisanu lija, Sefa atamaliza kulimbitsa mtima anzake onse, anakhala pansi ndi cholembera, n'kuona kamera ya pakona ya kantini itamuloza. Mtima unangoti phwa. Anadziuza kuti olemba alipo ambiri, pepala limodzi silisintha kanthu, ndipo iye ndi watsopano, kulankhula n'kwa akuluakulu. Anachonga msangamsanga, anaponya, n'kupita kukafunsa alamu ngati alemba zonse.

"Dzanja silinama, asisi," anatero a Manopoyera, akubweza mafomu onse awiri mu dilowa imodzi. Anawonjezera kuti makontirakiti a laini 3 nawo ali mu dilowa yomweyo, onse, ndipo sakuona kuti angatuluke bwanji nkhani ili chonchi. Anamupatsa mpaka folo koloko. Anamukumbutsa kuti asaiwale madzi ake.

Potsika masitepe anaona zipewa khumi ndi ziwiri zitaweramira matebulo, palibe anakweza mutu, koma ankadziwa kuti onse amuwerengera mphindi zimene wakhala kumwamba.

Pa lanchi nkhani ya makontirakiti inali itafika kale, kaya inadzera kwa supavaiza kaya kwa wokolopa. Tebulo limene Sefa amakhala masiku onse linadzaza mwadzidzidzi, zikwama pamipando. Anakhala kumapeto yekha. Bambo wamagalasi uja ankalankhula ngati akulankhula ndi mbale yake, koma mokweza, kuti iye ali ndi ana atatu kusekondale, ndipo sakumvetsa kuti anthu khumi ndi mmodzi afere chiyani munthu mmodzi amene anafuna kukhala loya. Mtsikana wina anamuyankha kuti amene analembayo sananame, inu bambo simutsokomola? Bamboyo anati amatsokomola, koma amatsokomolera kunyumba kwake, osati papepala. Wina anaseka pang'ono n'kusiya. Kenako onse anayang'ana kumapeto kwa tebulo.

Alamu anali pa benchi ya pafupi ndi zenera, kontena yawo yosatsegula, kansalu m'manja. Kenako anakumana ndi Sefa pa sinki yotsukira.

"Wanena?" anafunsa osamuyang'ana, madzi akuthira.

"Ayi."

"Unena?"

"Ndati sindinena, alamu."

Alamu anagwedeza mutu. Nkhope inafewa pang'ono, mpaka anamukonzera kachipewa kamene kanapendekeka, monga ankachitira masiku oyamba. Anati amukhululukire za m'mawa, anali mantha chabe. Kenako anafunsa ngati iyenso sali pa ngozi, poti mwina fomu yake aipezanso, kodi analembamo zotani?

"Zomwezo," anatero Sefa. "Utsi, kiyi, zomwezo."

Alamu anamufinya dzanja n'kubwerera ku laini.

Masana onse nyali yofiira inkangoyaka. Sefa ankalowetsa mu kompyuta, mutu ukuzungulira ngati lamba uja. Anaganiza zotchula mayi wina amene anasiya ntchito, koma uyo anachoka miyezi isanu yapitayo, fomu ndi ya Lachisanu. Anaganiza zonena kuti ndi chake, koma chake chili kale mu dilowa ndi michira yake. Anaganiza zotchula bambo wamagalasi, ndipo kwa kanthawi ganizolo linamukomera, mpaka anachita manyazi. Nthawi iliyonse akakweza maso, kumwamba kunali shati loyera litaima pa galasi, manja kumbuyo. Wotchi ya pakhoma, imene masiku onse imayenda ngati yatopa, lero inkathamanga.

Folo koloko anakwera yekha asanamuitane. Sanakhale pampando. Anaima pakhomo n'kunena kuti waganiza, ndipo sakudziwa mwini wa chizindikirocho. Mawu anatuluka ang'onoang'ono koma anatuluka.

A Manopoyera anagwedeza mutu ngati munthu amene wamva nkhani yabwino. Anati no problem. Anatenga pulasitiki imodzi mu dilowa, anavala jekete, n'kumuuza kuti atsogole.

Atafika pansi a Manopoyera anakweza dzanja, supavaiza anadina batani. Lamba anaima. Kenako wina anazimitsanso mapaipi, phokoso la pamwamba lija linafa pang'onopang'ono, ndipo utsi wa pa tizitsulo khumi ndi tiwiri unayamba kukwera molunjika, kufika pankhope monga kale. Malaini ena ankagwirabe ntchito, koma mitu inali itapendekera kuno.

Anauza laini 3 kuti asaime, akhale momwemo, sachedwa. Anati wabwera kudzathokoza. Mafomu ambiri anali ndi madandaulo, ndipo kampani yamva, umboni ndi mapaipi amene agwira ntchito lero. Koma pali fomu imodzi imene inamukhudza mtima, ya munthu amene amaona zabwino zimene kampani ikuchita. Anaikweza m'mwamba kuti onse aone michira ija, n'kuyamba kuwerenga funso ndi funso. Mpweya wa malo ogwirira ntchito, ndine wokhutira kwambiri. Nthawi yopuma ndi yopita kutoileti, ndine wokhutira kwambiri. Ulemu wochokera kwa akuluakulu, ndine wokhutira kwambiri. Sanadumphe ngakhale limodzi. Anamaliza ndi mawu atatu aja, anawabwereza kawiri, n'kuika dzanja paphewa la Sefa.

Palibe anafunika kuuzidwa. Michira imeneyo amaiona tsiku lililonse pa pepala lopachikidwa kumapeto kwa lamba. Mtsikana amene anayankha pa lanchi uja anatulutsa kamawu kakang'ono m'mano. Bambo wamagalasi anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta. Sefa ankayang'ana pansi, pa mzere wachikasu wopentedwa pa simenti, koma ankamva mbali imodzi ya nkhope ikutentha, mbali ya tebulo la nambala seveni, la alamu.

A Manopoyera anapuma mozama. Anati n'zomvetsa chisoni kuti ngakhale munthu wabwino chonchi amalakwa, ndipo lamulo ndi lamulo, lilibe maso. Mtsikanayu wakhala akubisa katundu wolakwika, ndipo wapatsidwa mwayi wokonza zinthu koma waukana. Choncho asiya khadi lake pageti lero. Za makontirakiti a ena onse, aona Lachisanu, kapena Lachisanu linalo, zitengera. Anatambasula dzanja kwa Sefa, chikhatho m'mwamba, kudikira khadi.

Sefa anayamba kumasula chingwe cha khadi m'khosi.

Mpando unakhuluka pa simenti. Alamu anaimirira, anabweza kachitsulo kotentha pa malo pake bwinobwino, anazimitsa switchi ya pa tebulo lawo. Anayenda m'mbali mwa lamba osathamanga, dzanja lili m'thumba la gawuni. Atafika anatulutsa maka, anatsegula ndi mano, anagwira pulasitiki imene inali m'manja mwa bwana, fomu ya Sefa ili m'kati, n'kujambula pa kona yapansi. Dontho, dontho, kamzere.

"N'changa," anatero. "Mwanayu musiyeni, zizindikiro anazipeza, sanaziyambitse."

Mano a bwana anatuluka onse. Anati mayi, mwachita bwino kwambiri, tiyeni kumwamba tikakhale pansi, tikufuna kukuthandizani. Alamu anatsokomola, chifuwa chija chochokera pansi, anapukuta pakamwa, anapinda kansalu. Anavula kachipewa, anavula gawuni, anaika zonse pa lamba woima uja, khadi pamwamba. Anati dokotala wawoyo amusungire ena. Sanayang'ane Sefa ngakhale kamodzi.

Dzanja la a Manopoyera linatsika paphewa la Sefa kachiwiri, lopepuka, n'kumuuza kuti abwezere khadi m'khosi, nkhani yatha, abwerere pa makina. Supavaiza anali atagwira kale batani.

Sefa anachotsa phewa n'kuthamanga. Anawapeza pa chitseko cha holo, pamene mlonda amayendetsa kachipangizo kake m'thupi kuona ngati sunabe kanthu. Alamu anali atakweza manja m'mwamba, atsala ndi bulauzi yawo ya maluwa, mlonda akuchita manyazi kuwayeza.

"Alamu, dikirani. Nditenge chikwama tipitire limodzi."

Alamu anatsitsa manja. Anatembenuka n'kumuyang'ana kuyambira kachipewa mpaka khadi limene linali likulendewerabe pa chala.

"Upite kuti? Khala. Iwe zonse zili bwino."

Anakankha chitseko n'kutuluka.